Filimu ya mlandu wa Jeanne d'Arc: anasainiranji pepala lija, nanga anabwezeranji mawu?

Tadala: Moni nonse m'gulu muno. Amene mwaonera filimu yathu ya mwezi uno, La Passion de Jeanne d'Arc ya Carl Theodor Dreyer, bwerani tikambirane. Ine pali funso lomwe silikundichoka m'mutu. Mtsikana uja wapirira mafunso onse aja, amuonetsa zida zozunzira anthu koma osagonja, ndiye atafika kumanda kuja wasaina pepala lokana zonse zomwe ankanena. Pasanapite nthawi waitananso oweruza n'kuwauza kuti anasaina chifukwa choopa moto. Zinachitikadi choncho, kapena opanga filimu angokometsera?

Dalitso: Ine poyamba inandivuta zedi. Filimu ya 1928, yopanda mawu, yopanda mitundu, nkhope zokhazokha kudzaza sikirini. Ndimayembekezera akavalo ndi malupanga. Koma pomwe anayamba kumumeta tsitsi paja ndinakhala chete mpaka kumapeto. Vuto langa ndi loti filimuyi siikutiuza chomwe mtsikanayu anawalakwira Angerezi. Tangomupeza ali kale mu unyolo.

A Gama: Mwafunsa bwino a Dalitso, pakuti Dreyer anayambira nkhani kumathero. Jeanne anabadwa cha m'ma 1412 m'mudzi wa Domrémy, kum'mawa kwa France, mwana wa mlimi, wosadziwa kuwerenga. France ndi England anali pa nkhondo yaitali ija ya 1337 mpaka 1453. Mu 1420 panachitika pangano la ku Troyes lomwe linapereka ufumu wa France kwa mfumu ya England ndi mbumba yake, n'kumusiya panja Charles, mwana wa mfumu ya France. Afalansa eniake anagawikana, a ku Burgundy anali mbali ya Angerezi.

Jeanne ankati kuyambira ali ndi zaka 13 ankamva mawu a Mikayeli mngelo wamkulu, ndi a Catherine ndi Margaret oyera. Mu 1429 anakaonekera kwa Charles ku Chinon atavala zachimuna. Akuluakulu a Mpingo a mbali ya Charles anamufunsa mafunso ku Poitiers ndipo sanamupeze choipa. Anamulola kupita ndi asilikali ku Orléans, mzinda womwe Angerezi anali atauzinga kuyambira October 1428. Analowa mumzindamo pa 29 April, pofika pa 8 May Angerezi anali atachoka. Pa 17 July Charles anadzozedwa ufumu ku Reims, Jeanne ataima chapafupi ndi mbendera yake. Mlandu wake weniweni unali umenewo. Angerezi akanangomupha ngati msilikali, Charles akanakhalabe mfumu yodzozedwa mothandizidwa ndi mtumiki wa Mulungu. Iwo ankafuna bwalo la Mpingo linene kuti amene anamuperekeza ku Reims anali wampatuko wonyengedwa ndi ziwanda.

Dalitso: Zikomo aphunzitsi. Ndiye anamugwira bwanji?

A Gama: Anagwidwa ndi asilikali a Burgundy ku Compiègne pa 23 May 1430. Mtsogoleri wawo wina, Jean de Luxembourg, anamusunga miyezi ingapo, kenako anamupereka kwa Angerezi atalandira ndalama zokwana 10,000 za nthawi imeneyo zotchedwa livres. Mlandu unatsegulidwa ku Rouen, mzinda womwe unali m'manja mwa Angerezi, pa 9 January 1431, ndipo iye anayamba kufunsidwa pa 21 February. Filimu yapanikiza miyezi yonseyo kukhala ngati tsiku limodzi.

Yamikani: Ndilowepo apa, chifukwa ine ndimaonera ndi maso a wophunzira zamalamulo ndipo mtima umandiwawa. Woweruza wamkulu, Episkopi Pierre Cauchon wa ku Beauvais, anali mlangizi wa boma la Angerezi, ndipo anali atathawa mu dayosizi yake mu 1429 pomwe mzinda wa Beauvais unatembenukira kwa Charles. Kunali kupatsa fisi kuti aweruze mlandu wa mbuzi. Munthu woimbidwa mlandu ndi Mpingo ankayenera kusungidwa m'ndende ya Mpingo, ndipo mkazi ankayenera kuyang'aniridwa ndi akazi anzake. Jeanne anamusunga m'nyumba yachifumu ya ku Rouen, ali mu unyolo, asilikali aamuna a Angerezi akugona m'chipinda momwemo. Pa mafunso onse oyambirira analibe womulangiza. Wansembe Nicolas Loiseleur ankapita kwa iye ngati mnzake wa mbali ya Charles kuti amukole mawu. Milandu 70 anaifupikitsa kukhala mfundo 12 n'kuzitumiza ku University of Paris kuti akatswiri apereke maganizo, akatswiri omwe anali kale mbali ya Angerezi. Atapempha kuti nkhani yake ipite kwa Papa, anamuyankha kuti Papa ali kutali.

Tadala: Loiseleur ndi uja ankamugwedezera mutu kuti ayankhe eti? Pali malo pomwe chithunzithunzi cha zenera chapanga mtanda pansi, Jeanne akuuyang'ana n'kumalimba mtima, ndiye bamboyu polowa akuuphimba. Thupi linachita tsembwe.

Yamikani: Yemweyo achemwali.

Mayi Nachisale: Ana anga, ine ndinaonera ndi mdzukulu wanga, iye akundiwerengera mawu olembedwa aja. Pomwe ndinalira ndi pa funso lija loti kodi uli m'chaulere cha Mulungu. Mdzukulu wanga sanamvetse chifukwa chomwe oweruza anatong'olera maso, ndinachita kumufotokozera. Mpingo umaphunzitsa kuti palibe munthu angatsimikize yekha kuti ali m'chaulere. Akanati inde, akanamunena kuti ndi wodzikuza ndi wampatuko. Akanati ayi, akanati wavomera yekha kuti mawu ake sachokera kwa Mulungu. Iye anati ngati sindilimo, Mulungu andiikemo, ngati ndilimo, Mulungu andisungemo. Mwana wa zaka 19, wosapita kusukulu, pamaso pa madokotala a zaumulungu.

A Gama: Ndipo yankho limenelo si la opanga filimu, Mayi. Lili m'kaundula wa mlandu, pa 24 February 1431. Alembi a bwalo, wamkulu wawo Guillaume Manchon, ankalemba mafunso ndi mayankho, ndipo zolembazo zilipo mpaka lero. Dreyer anatenga mawu ambiri m'menemo. Muli mayankho enanso akuthwa. Atamufunsa ngati Mikayeli anaoneka ali maliseche, iye anawafunsa ngati akuganiza kuti Mulungu alibe chomuveka. Atamufunsa ngati Mulungu amadana ndi Angerezi, anati za chikondi kapena chidani cha Mulungu pa Angerezi sakudziwa, koma akudziwa kuti adzatulutsidwa mu France kupatula amene adzafere momwemo.

Ulemu: Pepani, ndinena zomwe mwina ena sazikonda. Ine ndine namwino ndipo ndagwirapo ntchito kuwodi ya odwala maganizo. Munthu akandiuza kuti akumva mawu omulamula, akuona kuwala kumbali, ndimadziwa chochita naye ndipo si kumupatsa asilikali. Ndikamayang'ana maso a mayi amene akusewera Jeanne uja, otseguka osaphethira, akuyang'ana pomwe ena sakuonapo kanthu, ndimakumbukira odwala anga. Sindikunyoza. Ndikungofunsa ngati sitikutcha kuyera chinthu chomwe lero tikanachitcha matenda.

Mayi Nachisale: A Ulemu, sindikukutsutsani pa ntchito yanu, mumaidziwa kuposa ine. Koma ndikufunseni, odwala anuwo angathe kukhala miyezi akufunsidwa ndi anthu ophunzira ambirimbiri, osasokoneza nkhani, n'kumawakumbutsa oweruza kuti funso limenelo ndinayankha kale, kaoneni m'mabuku mwanu?

Ulemu: Ena amatha Mayi, matenda amaganizo sachotsa nzeru nthawi zonse. Koma ndivomere kuti amene amadwala kwambiri nthawi zambiri amalephera kutsogolera ngakhale moyo wawo womwe, pomwe uyu anatsogolera amuna ankhondo n'kuwachititsa kumumvera. Apo pokha pamandiimitsa. Komabe sindisintha maganizo onse.

Yamikani: Kwa ine funso la a Ulemu silisintha kanthu pa mlanduwu. Tinene kuti ankadwaladi. Ndiye kuti bwalo linawotcha mtsikana wodwala. Tinene kuti mawuwo anali oona. Ndiye kuti linawotcha woyera. Mbali zonse ziwiri chigamulo n'choipa. Oweruzawo sankafufuza kuti adziwe chomwe chinali mumtima mwake. Ankafuna siginecha.

Kondwani: Ine si Mkatolika, ndiye ndifunsa mosabisa koma mwaulemu. Amene anamuwotcha ndi episkopi ndi ansembe. Amene anamutcha woyera mu 1920 ndi Mpingo womwewo. Kodi pamenepa sipakuoneka kuti Mpingo umangotsata komwe mphepo yandale ikulowera? Ndipo chomwe Jeanne ankakana, kuika mawu a Mulungu pansi pa akuluakulu ampingo, si chomwecho chomwe Martin Luther anadzakana patapita zaka pafupifupi 90 chichitikire mlanduwo?

Mayi Nachisale: A Kondwani, funso lanu silondikwiyitsa, ndakhala nalo inenso. Sindingabise kuti anali ansembe athu amene anachita zimenezi, ndipo zimandipweteka ndikaona mitanda ili pachifuwa pawo mufilimu muja. Koma musamupange Jeanne kukhala chomwe sanali. Chinthu chomwe ankapempha kosalekeza m'ndende chinali Misa ndi Ukaristia. Iwo anadziwa njala yakeyo n'kuisandutsa nyambo: vula zachimuna, saina, tikupatsa Thupi la Ambuye. Mwaona pomwe akumusonyeza Ukaristia ali chigonere, iye n'kutambasula manja, iwo n'kubweza? Munthu wofuna kuchoka mu Mpingo sakanalira choncho. Iye anapempha kuti amutengere kwa Papa. Amene anamutsekera njira ndi Cauchon.

A Gama: Ndiwonjezere kuti a Kondwani sakulakwitsa zonse. Mlandu wachiwiri womwe unayeretsa dzina lake nawonso unali ndi ndale zake. Charles atalanda Rouen mu 1449 analamula kafukufuku mu 1450, chifukwa sankafuna kuti chisoti chake chikhale chomangika pa dzina la wampatuko. Papa Callixtus III analoleza mlandu watsopano mu 1455. Mayi ake a Jeanne, a Isabelle Romée, atakalamba kale, anakaima mu tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris mu November chaka chomwecho kupempha chilungamo cha mwana wawo. Mboni zoposa 100 zinafunsidwa, anthu a kumudzi kwawo, asilikali amene anamenya naye nkhondo, ngakhale alembi a mlandu woyamba. Pa 7 July 1456 chigamulo cha Cauchon chinathetsedwa, mwini wake atamwalira kale mu 1442. Ndale zinalipo, inde. Koma zolakwika zomwe a Yamikani atchula zija sizinapekedwe mu 1456, zambiri zimaoneka m'kaundula wa Cauchon yemweyo. Papa Benedict XV anamulengeza kukhala woyera pa 16 May 1920, ndipo dziwani kuti Mpingo umamukumbukira ngati namwali woyera, osati m'gulu la ofera chikhulupiriro.

Kondwani: Mfundo yomalizayo sindimaidziwa. Ikundiganizitsa kwambiri. Ndiye kuti ngakhale pomukweza, panali povuta kunena poyera kuti anafera chikhulupiriro m'manja mwa bwalo la Mpingo.

Tadala: Abale, nkhani ikukoma koma funso langa lija mwalisiya. Anasainiranji?

A Gama: Tabwerera a Tadala. Zinachitikadi. Pa 9 May anamuonetsa zida zozunzira ndipo sanagonje, anati ngakhale mutandizula ziwalo sindinena zina, ndipo ndikanena ndidzaulula kuti munandikakamiza. Pa 24 May anamutengera kumanda a Saint-Ouen, pagulu la anthu, wowotcha anthu ali chapafupi ndi ngolo yake. Anayamba kuwerenga chigamulo. Apo ndi pomwe anavomera, n'kuika chizindikiro papepala. Anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Iye ankayembekezera kuti tsopano apita kundende ya Mpingo, koma anamubwezera kwa asilikali omwe aja. Anamumeta, anavala zachikazi.

Pa 28 May oweruza anamupeza atavalanso zachimuna. Apa filimu yasiyana ndi mbiri. Dreyer akutionetsa Jeanne akuyang'ana tsitsi lake likusesedwa pamodzi ndi kachisoti kaudzu komwe asilikali anamuveka pomunyoza, n'kuzindikira kuti wakana Mulungu. M'kaundula muli zinthu ziwiri. Anati wavalanso zachimuna chifukwa ali pakati pa amuna, ndiponso chifukwa lonjezo loti amulola kupita ku Misa ndi kumuchotsa unyolo silinasungidwe. Kenako anati mawu aja abweranso ndipo amuuza kuti analakwa kwambiri kukana pofuna kupulumutsa moyo wake, ndi kuti zonse anachita poopa moto. Pambali pa mawu amenewo mlembi analemba m'Chilatini kuti ili ndi yankho lomupha. Wobwerera ku mpatuko atalapa kale analibenso mwayi wachiwiri.

Yamikani: Ndipo pa mlandu wa 1456 mboni zinanena zomwe kaundula wa Cauchon sananene. Wansembe Jean Massieu, mtumiki wa bwalo lija, anati asilikali anamubisira zovala zachikazi n'kumusiyira zachimuna zokha. Wansembe Martin Ladvenu anati Jeanne anamuuza kuti Mngerezi wina waudindo anafuna kumugwiririra. Zovala zachimuna za nthawi imeneyo zinkamangidwa ndi zingwe zambiri, zinali chitetezo kwa mkazi wogona pakati pa asilikali. Oweruza ankadziwa komwe anamubwezera.

Ulemu: Apa ndiye ndilibe mtsutso ndi aliyense. Mkazi aliyense akumva zimenezi popanda womufotokozera. Ndipo tisaiwale kuti kwathu konkuno lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza mpaka nthawi yomwe tinkalowa m'zipani zambiri, ndipo mu January 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mathalauza omwewo. Vesi ya Deuteronomo 22:5 yoletsa mkazi kuvala zachimuna, yomwe inali kumbuyo kwa mlandu wa zovala za Jeanne ndaimvapo ikuwerengedwa kwa atsikana ndi makutu angawa.

A Gama: Kufanana kulipo a Ulemu, ngakhale tisakokere nkhani yonse kwathu. Kwa Cauchon zovala zinali msampha wosavuta kuugwira. Mawu a angelo palibe akanawaona, koma chovala aliyense amachiona. N'chifukwa chake mlandu waukulu wa zaumulungu unathera pa malaya.

Tadala: Ndiye ndikumva tsopano chomwe chimandigwira. Ndikanaona munthu wosaopa chilichonse kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndikanangomusirira patali. Koma uyu anaopa. Anaona moto n'kugwa. Anali atapulumuka, moyo unali m'manja mwake, ngakhale unali wa m'ndende. Ndiye patapita masiku anayi ananena ndi pakamwa pake mawu omwe ankadziwa kuti amubwezera kumoto komwe anakuthawa. Kulimba mtima kwa pa 28 May kukundiposera kwa ku Orléans. Ku Orléans anali ndi asilikali, mbendera, anthu akumuimbira. Pa 28 May anali yekha, wometedwa, atalawa kale manyazi a kugonja.

Mayi Nachisale: Wanena zomwe zinali mumtima mwanga mwana wanga. Petulo naye anakana katatu. Ife timamukumbukira Jeanne pa 30 May, tsiku lomwe anawotchedwa pamsika wakale wa ku Rouen mu 1431. Anapempha mtanda, msilikali wina Mngerezi anamupangira kakang'ono ka timitengo, wansembe Isambart de la Pierre anakatenga wa m'tchalitchi n'kuunyamula patsogolo pake kuti aziuona. Anafa akuitana dzina la Yesu. Phulusa lake analitaya mumtsinje wa Seine kuti anthu asasunge kanthu.

Yamikani: Ndipo m'mawa wa tsiku lomwelo Cauchon analola kuti alandire Ukaristia. Taganizani. Munthu amene mukuti ndi wampatuko wosalapa, amene mukumudula mu Mpingo masana, mukumupatsa Sakramenti m'mawa. Ine ndimaona kuti pamenepo woweruzayo anadziulula yekha.

Kondwani: Kapena anangomumvera chisoni pamapeto?

Yamikani: Mwina achimwene. Koma chisoni chomwe chimalola Sakramenti n'kusiya nkhuni zikuyalidwa, ine sindingachiwerengere kumbali yake.

Dalitso: Nanga chipwirikiti chakumapeto chija, anthu akuukira, asilikali akuwamenya ndi zibonga za unyolo?

A Gama: Chimenecho ndi chowonjezera cha Dreyer, ku Rouen sikunachitike kuukira kotero. Mboni zimati anthu ambiri analira, basi.

Dalitso: Ine mbali imeneyo ndi yomwe sindinaikonde. Filimu yonse yakhala pankhope ya munthu mmodzi, ndiye mwadzidzidzi phokoso ndi kuthamanga. Ikanangothera pamoto. Koma za nkhope zija ndamvetsa tsopano. Osewera sanawadzoze zodzoladzola, ndiye ukuona njerewere, makwinya, thukuta, ntchentche ikutera pankhope ya Jeanne. Oweruza akuwajambula kuchokera pansi kuti azioneka akukuweramira. Ukuchita kumva ngati akufunsa iweyo.

Tadala: Mayi amene anasewera Jeanne ndi Renée Falconetti, katswiri wa zisudzo za pabwalo ku Paris, ndipo tsitsi lija anamumetadi. Amene anasewera Massieu, wansembe wachinyamata womumvera chisoni uja, ndi Antonin Artaud. Chodabwitsa china, filimu yoyambirira inapsa ndi moto mu 1928 momwemo, ndipo kope lathunthu lomwe tikuonerali linapezeka mu 1981 m'chipatala cha odwala maganizo kufupi ndi Oslo ku Norway.

Ulemu: Ine ndikufuna kuwerenga ndekha kaundula wa mlanduwo, makamaka pomwe akufotokoza momwe mawuwo ankabwerera. Ndikatero ndidzabweranso kudzanena ngati ndikuonabe chimodzimodzi. Filimu ikutionetsa Jeanne wolira nthawi zonse, pomwe mayankho omwe a Gama atchula akumveka ngati a mtsikana wakuthwa pakamwa, wotha kuwabwezera akuluakulu. Anthu awiriwa sakufanana kwenikweni.

A Gama: Mwaona bwino. Jeanne wa m'kaundula ndi wolimba ndi wachangu poyankha kuposa wa Dreyer. Robert Bresson anapanga filimu ina ya mlandu womwewu mu 1962, yokhala ndi mawu, ndipo Jeanne wake salira kawirikawiri, amangoyankha molunjika. Ndikupempha kuti ikhale yathu ya mwezi wamawa, tidzayerekeze.

Kondwani: Ndavomera. Koma aphunzitsi, funso limodzi lomaliza. Charles uja, amene mtsikanayu anamuperekeza mpaka kukavala chisoti, ankachita chiyani chaka chonse chomwe Jeanne anali m'ndende?

A Gama: Palibe cholembedwa chodalirika chosonyeza kuti anapereka dipo kapena kupempha kusinthana akaidi, ngakhale kuwombola akaidi ndi ndalama kunali kofala pa nkhondo imeneyo. Koma pa 24 May, kumanda kuja, mlaliki Guillaume Érard atanyoza Charles pagulu kuti ndi wampatuko chifukwa chomvera mkaziyu, Jeanne anamudula pakamwa n'kuikira kumbuyo mfumu yake kuti ndi Mkhristu wabwino. Zimenezi zinachitika tsiku lomwelo lomwe anasaina.